Khonsolo ikati ikugulireni magetsi, muvomere kapena mutuluke?

Ku America, munthu wokhala ku Boston, ku San Francisco kapena m'matauni ozungulira Cleveland tsiku lina amapeza kalata ya khonsolo m'bokosi la pakhomo. Kalatayo imati kuyambira mwezi wakutiwakuti, magetsi a m'nyumba mwake azigulidwa kudzera ku khonsolo. Iye sanapemphe, ndipo sanasaine pena paliponse. M'envelopumo mumakhala kakhadi koti abweze ngati sakufuna, masiku oikika asanathe. Ku Massachusetts amapereka masiku 30, ku Ohio 21. Akangokhala chete, walowa basi. Ambiri amaiponya m'bini poyesa ndi ya otsatsa malonda, ena amaikayikira poganiza kuti ndi akathyali ofuna nambala ya akaunti. Komatu kalatayo ndi yeniyeni, ndipo lamulo limailola.

Eni ake amautcha mchitidwewu Community Choice Aggregation, mwachidule CCA. Zigawo pafupifupi 10 za dziko la America zinauika m'malamulo awo. Massachusetts ndiyo inatsogola mu 1997, Ohio inatsatira mu 1999, California mu 2002, ndipo Illinois, New York, New Jersey, Rhode Island ndi New Hampshire nazonso zilimo. Nzeru yake si yachilendo kwa munthu amene anasonkherapo ndi anzake kugula ng'ombe ya pa Khrisimasi m'malo moti aliyense akapimitse kilo yakeyake kubutchala. Wogula zambiri amanenerera. Wogula pang'ono amangolipira mtengo umene waupeza.

Tisanayerekeze njira, timvane kaye pa chimene chikugulidwacho. Bilu ya magetsi kumeneko ili pawiri, ngati chimanga choodedwa kutali: pali ndalama ya chimangacho, palinso ndalama ya lole yobweretsa. Khonsolo imangolowerera pa chimanga. Mapolo, mawaya, mathiransifoma ndi mita zimakhalabe za kampani yakale ija, kaya ndi Eversource ya ku Boston, ComEd ya ku Chicago kapena PG&E ya ku California. Iyo ndi imene imawerenga mita, imatumiza bilu, ndipo nthambi ikagwera waya usiku wamvula, foni mumaimbira iyo yomweyo. Amene akuyembekeza kuti kulowa m'gulu la khonsolo kuchepetsa kuzima kwa magetsi ayembekezera pachabe. Chimene chikusintha ndi mzere umodzi wokha pabilu, wonena za amene wakugulirani mayunitsi ndi mtengo umene wagulira.

Kungokhala pamene muli

Mukabweza kakhadi kaja mumatsala m'manja mwa kampani ya mawaya, imene imakugulirani magetsi pamtengo wovomerezedwa ndi bungwe la boma loyang'anira za magetsi. M'zigawo monga Massachusetts ndi Illinois kampaniyo siipezapo phindu pa mayunitsiwo. Imaoda pamsika n'kukupatsirani mtengo womwewo, phindu lake lili pa mawaya. Choncho ilibe chifukwa chokubererani pamenepa, komanso ilibe chifukwa chodzuka m'mamawa kukakusakirani otchipa. Imagula pa nthawi imene lamulo laiuza kuti igule, msika uli bwino kapena uli moto. Ku Massachusetts mtengowu umasintha miyezi 6 iliyonse, ndiye banja limatha kuona bilu ya nyengo yozizira itakwera modzidzimutsa chonsecho silinawonjezere babu ngakhale limodzi.

Njira iyi si yoipa. Ndiyo muyeso woyesera zina zonse, ndipo ndi kumene aliyense amabwerera zinthu zikavuta kwina.

Kudzigulira wekha

Kumene msika wa magetsi unatsegulidwa, munthu angathe kusankha yekha kampani yomugulitsa mayunitsi. Papepala zimamveka bwino. Zenizeni zake n'zakuti makampani ambiri otere amayenda khomo ndi khomo, kapena amatchera tebulo pakhomo la sitolo, ndipo mawu awo oyamba amakhala akuti tatiwonetsani bilu yanu tikuchepetsereni. Mtengo wa miyezi yoyamba umakhaladi wotsika. Ikatha miyeziyo mgwirizano umasanduka wa mtengo wosinthasintha, umene umakwera mwakachetechete, ndipo munthu wogwira ntchito ziwiri patsiku alibe mpata wowerenga timalemba ta kuseri kwa bilu.

Izi si zongomva. Mu 2018 ofesi ya loya wamkulu wa chigawo cha Massachusetts, nthawi imeneyo ali Maura Healey, inawerengera n'kupeza kuti m'zaka ziwiri zokha mabanja amene anadzisankhira okha makampani analipira madola pafupifupi 177 miliyoni kuposa amene akanalipira akanangokhala ku kampani ya mawaya. Olumidwa kwambiri anali mabanja osauka. Obwera kumene m'dziko, amene Chingerezi cha m'mapepala a mgwirizano chimawavuta, ndi nyama yofewa kwa ogogoda pakhomowa.

Za ku Texas zinaposa pamenepo. Kampani ya Griddy inkagulitsa magetsi pamtengo weniweni wa pamsika wa ooda, n'kumangolipiritsa kandalama kochepa pamwezi. Masiku abwino makasitomala ake, pafupifupi 29,000, ankaseka anzawo. Mu February 2021 chisanu choopsa chinaumitsa mapaipi a gasi ndi malo opangira magetsi, mtengo wa pamsika unafika madola 9 pa yunitsi imodzi, chinthu chimene masiku onse chimagulidwa masenti owerengeka. Anthu analandira mabilu a madola masauzande pa sabata imodzi, ndipo kampaniyo inagwa mwezi wotsatira.

Alipo amene amapindula ndi kudzigulira, anthu olemba pakalendala tsiku lothera mgwirizano n'kusamuka lisanafike. Ngati simuli wotero, njira iyi ndiyo yotsiriza pa zonse zimene ndingakulangizeni.

Khonsolo ngati mkhalapakati

Apa ndiye pagona nkhani. Ku Massachusetts, Ohio ndi Illinois khonsolo siipanga magetsi ndipo siiika ndalama zake pamsika. Imasonkhanitsa nyumba zonse za m'dera lake ngati wogula mmodzi, n'kuitana makampani kuti apikisane: ndani atipatsa mtengo wotsika, wosasintha kwa chaka chimodzi, ziwiri kapena zitatu? Amene wapambana ndiye amasenza chiopsezo cha msika. Matauni ang'onoang'ono, amene alibe katswiri wa zimenezi pa ogwira ntchito awo, amalemba mlangizi wapadera, ndipo ku Massachusetts malipiro ake nthawi zambiri amakhala senti imodzi pa mayunitsi 10 alionse, yobisika m'kati mwa mtengo. Ena amaphatikizana matauni angapo. Cape Light Compact, imene inayamba mu 1997, imagulira matauni 21 a ku Cape Cod ndi chilumba cha Martha's Vineyard. NOPEC ya kumpoto chakum'mawa kwa Ohio inayamba mu 2000 ndipo ili ndi makhonsolo oposa 200.

Mtengo wosasinthawo ukakugwera bwino umakoma. Mzinda wa Boston unayamba pulogalamu yake mu February 2021. Chaka chotsatira nkhondo ya Russia ndi Ukraine inakweza mtengo wa gasi padziko lonse, ndipo dera la New England, kumene kuli Boston, limene limapanga magetsi ambiri ndi gasi, linamva kuwawa kuposa ena. Pofika January 2023 Eversource inkagulitsa yunitsi pa masenti opitirira 25, pamene nyumba za m'gulu la mzinda zinkalipira pafupifupi 11. Amene anabweza kakhadi kaja anaona anzawo oyandikana nawo nyumba akulipira zosakwana theka la zimene iwo ankalipira pa mayunitsi ofanana, odzera m'waya umodzi.

Koma musathamangire kunena kuti khonsolo inachenjera kuposa kampani. Inangosaina msika uli pansi, ndipo mgwirizano wake unali usanathe pamene moto unabuka. Mwayi womwewo umatha kutembenuka. Mu November 2012 anthu a ku Chicago anavotera kugulira pamodzi, ndipo poyamba anapulumutsadi ndalama chifukwa ComEd inali itamangika m'migwirizano yakale yodula. Migwirizanoyo itatha mu 2013 mtengo wa ComEd unatsika, kusiyana kuja kunasungunuka, ndipo mu 2015 mzindawo unabweza anthu ake onse ku ComEd. Panalibe chinyengo, panalibe wakuba. Phindu lonse linkachokera ku tsoka la kanthawi la kampani ya mawaya, tsokalo litatha phindu linathanso.

Za NOPEC zinachitika mosemphana ndi za Boston m'chaka chomwecho cha 2022. Mtengo wake unkatsatira msika mwapafupi, pamene kampani ya mawaya ya kumeneko inali itagula kale magetsi ake zinthu zisanakwere. Anthu a m'gulu anapezeka akulipira kuposa otsala kunja. Akuluakulu a NOPEC anabweza makasitomala pafupifupi 550,000 ku kampani ya mawaya, n'kudzawatenganso chaka chotsatira. Makampani amene anakakamizika kupezera magetsi khamu ladzidzidzili anadandaula kwambiri, ndipo anali ndi mfundo. Koma kwa mayi wolipira bilu, chimene chinaoneka n'chakuti bungwe lomugulira linamutulutsa lokha pamene kukhalamo kunayamba kumupweteka. Wogogoda pakhomo uja sangachite zimenezo mpaka kalekale.

Chimene chimandivuta ine pa njira imeneyi ndi kulowetsa anthu osawafunsa mmodzimmodzi. Kukhala chete si kuvomera, ndipo nkhalamba imene sinatsegule envelopu sitinganene kuti yasankha kanthu. Oikira kumbuyo mchitidwewu amayankha kuti ngakhale kampani ya mawayayo palibe amene anaisankha, munthu anangoipeza ngati mmene anapezera msewu wa pakhomo pake. Amatinso popanda kulowetsa onse gulu silikhalapo. Mukauza anthu kuti ofuna alembetse, amabwera ochepa, ndipo kampani yogulitsa siingatsitse mtengo chifukwa cha kagulu kosadziwika kukula kwake. Ndikuvomereza, koma movutikira. Ohio ndi Illinois anapeza poyambira pabwino: khonsolo isanayambe kulowetsa anthu mwanjira imeneyi, nkhaniyo iyenera kupita kaye ku voti ya anthu onse a m'deralo. Ku California makhansala okha amatha kugamula.

Za ku California ndi zina

Dzina ndi lomwelo la CCA, koma nyama yake ndi ina. Lamulo la kumeneko, AB 117, linabadwa pambuyo pa mavuto a magetsi a 2000 ndi 2001, pamene amalonda monga Enron ankaseweretsa msika, magetsi ankazima mosinthanasinthana, ndipo PG&E inagwa ndi ngongole. Anthu anali atatopa ndi makampani aakulu. Choncho makhonsolo a ku California sangokhala akhalapakati oitanitsa mitengo. Amakhazikitsa bungwe lawolawo, lokhala ndi ogwira ntchito, akatswiri ogula magetsi ndi thumba la ndalama, lolamulidwa ndi makhansala ochokera m'matauni onse olowamo. Bungwelo limaika lokha mtengo, limasaina migwirizano ya zaka 10, 15 kapena 20 ndi omanga minda ya sola ndi makina a mphepo, ndipo zotsala pa malonda zimakhala zake.

Loyamba linali la boma la Marin, kumpoto kwa San Francisco, limene linayamba kugulitsa mu 2010. PG&E sinangoyang'ana. Chaka chomwecho inathira madola pafupifupi 46 miliyoni pa kampeni ya Proposition 16, imene inkafuna kuti khonsolo iliyonse yofuna kulowa m'malonda a magetsi izipeza kaye magawo awiri mwa atatu a mavoti. Anthu anaikana. Kenako anatsatira a Sonoma mu 2014, Lancaster mu 2015, San Francisco mu 2016, Clean Power Alliance ya ku Los Angeles ndi Ventura mu 2018, San Diego mu 2021. Lero mabungwe otere alipo oposa 20 ndipo amagulira anthu oposa 10 miliyoni.

Ubwino wa njira iyi suli kwenikweni pa kutchipa. Nthawi zambiri kusiyana kwa bilu kumakhala kochepa, mwina kwa buledi mmodzi kapena awiri pamwezi, ndipo zaka zina kumatheratu. Chimene makhonsolo amafuna ndi mphamvu yosankha kumene magetsi achokere. Bungwe likalonjeza kugula kwa zaka 20, womanga munda wa sola amatenga pepalalo kupita nalo kubanki, ngongole imatuluka, mundawo umamangidwa. Mgwirizano wa zaka ziwiri ngati wa ku Illinois sungamangitse kanthu. Ndi chifukwa chake ndimachenjera ndikamva khonsolo ya mgwirizano waufupi ikudzitama kuti magetsi ake onse ndi aukhondo. Kawirikawiri imakhala itangogula zikalata zochokera kwa eni makina a mphepo akutali, amene anamangidwa kalekale ndipo akanazungulabe ngakhale popanda zikalatazo. Lamulo limalola, koma utsi wa m'mwamba suchepa ndi pepala.

Pali ndalama ina imene munthu wa ku California ayenera kuidziwa, yotchedwa PCIA. Zaka za m'mbuyomo makampani a mawaya anasaina migwirizano yaitali ya sola nthawi imene sola inali yodula kwambiri, ndipo anasainira makasitomala onse. Theka la anthu likachoka, ngongoleyo siingatsalire otsala okha. Choncho wochoka amalipirabe gawo lake mwezi ndi mwezi, ngati munthu wosamuka pamudzi amene akuuzidwa kuti asonkhebe za mjigo umene anavomereza nawo kukumba. Mfundoyo ndi yachilungamo. Mkangano uli pa kawerengedwe, kamene kali m'manja mwa CPUC, bungwe la boma loyang'anira za magetsi ku California, ndipo litakasintha mu 2018 mabungwe ambiri a makhonsolo anaona phindu limene ankalonjeza anthu likuphwa. Poyerekeza mitengo, phatikizani PCIA ku mtengo wa khonsolo. Mukapanda kutero mudzinamiza nokha.

Nanga bungwe likagwa? Zinachitikapo. Western Community Energy, ya matauni angapo a m'boma la Riverside, inayamba mu April 2020, mliri wa Covid-19 utangofika. Anthu ambiri analephera kulipira mabilu, ndipo boma linaletsa kuwadulira magetsi. Mu August kunatentha koopsa, mitengo ya pamsika inauluka, bungwelo lili lakhanda, lopanda kanthu m'nkhokwe. Mu May 2021 linapita kukhothi kukalengeza kuti lalephera kubweza ngongole, ndipo makasitomala oposa 100,000 anabwezedwa ku Southern California Edison. Palibe nyumba imene inagona mumdima chifukwa cha zimenezi. Matauniwonso sanagwe nalo limodzi, chifukwa bungwe lotere limalembetsedwa palokha, ngongole zake sizilowa m'thumba la khonsolo. Kampanda kameneka ndi kamene a ku Britain analibe.

Pamene khonsolo inasanduka wamalonda

A ku Britain, kumene abale athu ambiri akukhala, alibe lamulo lolola khonsolo kulowetsa anthu onse m'gulu. Makhonsolo ena anayesa njira ina, yotsegula kampani yawoyawo yogulitsa magetsi ndi gasi kuti ipikisane ndi makampani aakulu. Nottingham inatsegula Robin Hood Energy mu 2015 ndi cholinga chabwino, chothandiza mabanja osauka, makamaka a mita yolipiriratu amene ankadulitsidwa. Koma kampani yotere imayamba yopanda kasitomala ngakhale mmodzi. Iyenera kuwasaka ndi mitengo yotsika, pamsika wa phindu lopyapyala, ndipo ikaluza amalipira ndi okhometsedwa msonkho a mumzindamo. Mu 2020 makasitomala ake anagulitsidwa ku British Gas, khonsolo itataya mapaundi pafupifupi 38 miliyoni. Bristol inayesa zomwezo ndipo inagulitsa kampani yake chaka chomwecho, nayonso itapsa manja. Kusiyana kwake ndi CCA kuli poyera: wa ku America amayamba tsiku loyamba ali kale ndi nyumba zambiri za m'deralo, wa ku Nottingham anayamba ndi ngongole ndi chiyembekezo.

Imene ilipo ku Britain yopanda chiopsezo ndi yolembetsa mwakufuna. Khonsolo imaitana anthu kuti alembetse mayina, kampani monga iChoosr imachititsa mpikisano wa mitengo, kenako aliyense amalandira mtengo wake n'kusankha kuvomera kapena kukana. Simutaya kanthu polembetsa. Kungoti mphamvu yake ndi yochepa, ndipo mitengo itakwera mu 2021, makampani ang'onoang'ono ambiri n'kugwa, panalibenso wofuna kupikisana pansi pa malire a mtengo oikidwa ndi Ofgem, bungwe la boma loyang'anira za magetsi ndi gasi kumeneko.

Kugula ndi lole yomwe

Otopa kwambiri amati bwanji osangotenga zonse, mawaya ndi mapolo omwe? Ali ndi chifukwa. Mu November 2018 zida za PG&E zinayatsa moto umene unapsereza tauni ya Paradise n'kupha anthu 85, ndipo chaka chotsatira kampaniyo inkazimitsa dala magetsi m'madera aakulu kukachita mphepo, poopa moto wina. Makasitomala a CCA anakhala mumdima limodzi ndi ena onse. Kuwonjezera apo, mbali ya bilu imene yakhala ikukwera kwambiri ku California ndi ya mawaya, imene CCA siikhudza n'komwe.

Mizinda yokhala ndi magetsi akeake ilipo yambiri ku America, pafupifupi 2,000, ndipo ina ikuchita bwino zedi. Anthu a ku Sacramento amalipira motsika kwambiri poyerekeza ndi anansi awo a PG&E. Koma anavota mu 1923, n'kudzayamba kugawa magetsi kumapeto kwa 1946, zaka zambiri za pakatipo zikuthera m'makhothi. Boulder ya ku Colorado inayamba ulendo womwewo mu 2011, inawononga madola oposa 20 miliyoni pa maloya ndi akatswiri, ndipo mu 2020 anthu anavota kuti angogwirizananso ndi Xcel, kampani ya mawaya ya kumeneko. San Francisco inapereka madola 2.5 biliyoni mu 2019 kuti igule mawaya a mumzindamo, PG&E inakana. Ku Maine anthu pafupifupi 70 pa 100 alionse anakana maganizo otere mu 2023. Walira mvula walira matope: wotenga mawaya watenganso mapolo owola, ngongole yogulira, ndi milandu ya moto.

Amene ali ku South Africa akudziwa mbali inanso ya nkhaniyi. Kumeneko makhonsolo ambiri amaoda magetsi ku Eskom n'kumagulitsa kwa anthu ndi mawaya awoawo. Cape Town yagwiritsa bwino ntchito mwayiwu, moti damu lake lopangira magetsi la Steenbras limaithandiza kuchepetsako kuzima kwa magetsi kwa makasitomala ake. Koma makhonsolo ena ambiri amatolera ndalama za magetsi n'kuzigwiritsa ntchito zina, ndipo pofika 2024 ngongole yawo ku Eskom inali itadutsa marandi 70 biliyoni. Khonsolo yolephera kutola zinyalala siisanduka yanzeru chifukwa choti yapatsidwa magetsi. Ku Malawi funsoli silinafikebe, popeza wogulitsa kwa anthu ndi ESCOM yokha, mtengo umavomerezedwa ndi MERA, ndipo palibe msika umene khonsolo ya Lilongwe kapena Blantyre ingapite kukanenerera.

Ndiye kalata ija muichite chiyani?

Ine ndingakhalemo, koma maso ali tcheru. Chifukwa changa si chakuti khonsolo imatchipa nthawi zonse, Chicago yatiwonetsa kuti si choncho. Ndi chakuti mosiyana ndi ogogoda pakhomo aja, khonsolo siilemera inu mukaiwala kuyang'ana bilu. Mtengo wake ndi umodzi kwa aliyense, umalengezedwa poyera, ndipo makhansala ougamula mungathe kuwapeza pamsonkhano kapena pa tsiku la voti.

Tengani bilu yanu yatsopano, pezani mtengo wa yunitsi pa mzere wa magetsi enieniwo, osati wa mawaya, muuike pambali pa wa m'kalata. Onani kuti wa khonsolowo ndi wosasintha kufikira liti. Ngati kampani ya mawaya ikuoneka yotchipa lero, kumbukirani kuti wake usintha pakangopita miyezi yochepa, choncho yerekezani ndi wa nyengo yozizira yapitayi, osati wa mwezi uno wokha. Onaninso mulingo umene akuikani. Mapulogalamu ambiri amakhala ndi milingo iwiri kapena itatu, ndipo ku Boston ilipo itatu: wotchipitsitsa, wapakati umene aliyense amagweramo, ndi wa magetsi a dzuwa ndi mphepo okhaokha umene ndi wodulirapo. Matauni ena a ku California amaika anthu onse pa wodulawo, ndipo wofuna kutsika ayenera kupempha yekha. Kwa banja lotumiza ndalama kumudzi mwezi ndi mwezi, foni imodzi imeneyo ndi yaphindu. Kuchotsera kumene mabanja opeza zochepa amalandira, monga CARE ku California, sikutha chifukwa cholowa m'gulu.

Khomo lotulukira limasiyana. Ku Massachusetts mungathe kutuluka mwezi uliwonse popanda chindapusa. Ku California masiku 60 oyamba ndi aulere, koma mukatuluka pambuyo pake kubwerera ku PG&E, mumayenera kukhalako chaka chathunthu musanaloledwe kubwereranso ku khonsolo. Kumeneko ndingafunsenso zaka zimene bungwelo lakhala likugwira ntchito ndi kuchuluka kwa ndalama zimene lasunga, chifukwa la ku Riverside lija linagwa lisanakwanitse chaka ndi theka.

Ngati anzanu oyandikana nawo nyumba alandira kalatayi inu osalandira, kawirikawiri ndiye kuti munasainapo kale ndi kampani ina, mwina tsiku lija munthu wovala baji anapempha kuona bilu yanu pakhomo. Otere khonsolo siiwalowetsa yokha. Dzina la kampaniyo lili pabilu, pamzere wa mayunitsi. Iimbireni, mufunse mtengo umene mukulipira panopa ndi chindapusa chothetsera mgwirizano, kenako muimbire nambala ya khonsolo muli nazo ziwerengero zonse ziwiri m'manja.